Vanishi safuna phuma nthawi ya dzinja

Dzinja likafika, dandaulo lomwe ndimamva kwambiri pa ntchito yathu ya ukalipentala ndi lakuti tebulo lapakidwa vanishi masiku atatu apitawo koma likumatabe m'manja. Ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa vanishi wachinyengo. Kawirikawiri vanishiyo amakhala wabwinobwino. Chalakwika ndi chakuti anamupaka kachiwiri woyamba uja asanaume.

Maola amene amalembedwa pachitini amayesedwa pamalo ofunda pafupifupi madigiri 25, chinyezi cha mumpweya chili cha m'ma 50 peresenti. Mu Januwale ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje chinyezi chimafika 80 peresenti n'kupitirira. Nthawi ya chiperoni ku Thyolo ndi ku Blantyre ndiye kumaphatikiza chinyezi ndi kuzizira, adani awiri a vanishi.

Vanishi wa mafuta, uja timasungunula ndi tapentaini, amauma pawiri. Choyamba tapentaini amauluka, kenako chotsalacho chimalimba pang'onopang'ono pokumana ndi mpweya. Mukapaka wina pamwamba msanga, mwatsekera wapansiyo mpweya. Pamwamba pamaoneka pouma, pansi pali phala, ndipo pakapita masiku pamachita makwinya. Vanishi wa madzi amauma msanga, maola awiri kapena anayi kunja kukakhala bwino, koma naye amavutika chifukwa madzi ake alibe kopita mpweya ukakhuta kale chinyezi.

Ine m'dzinja maola a pachitini ndimawawerenga kawiri. Akati 24, ndimadikira masiku awiri. Komabe sindidalira wotchi yokha. Ndimatenga sandipepala wa nambala 320 n'kupala pang'ono pamalo obisika, monga m'mphepete mwa kumbuyo. Pakatuluka fumbi loyera ngati ufa woyera, pauma, pakani. Vanishi akamakulungika timibulu tomata pa sandipepalapo, musiyeni agone tsiku lina. Kanikizaninso chikhadabo: chikasiya chizindikiro, nthawi sinakwane.

Pakani mopyapyala. Kupaka katatu mopepuka kumauma msanga kuposa kukhuthula kamodzi. Yambani cha m'ma 9 koloko mame atauma, ndipo ikamakwana 2 koloko masana tsukani bulashi, chifukwa vanishi wopaka madzulo amakumana ndi chinyontho cha usiku akadali wamuwisi. Tsekulani mawindo kuti mphepo izidutsa. Koma chonde musatulutse katunduyo padzuwa la phwee pofuna kufulumiza, pamwamba pamachita khungu ndi tithovu mkati musanaume. Thabwa nalonso likhale louma. Paini kapena bulugama wochekedwa posachedwa amatulutsa madzi ake pansi pa vanishi n'kumuyeretsa ngati nkhungu.

Kwa inu ogula, kalipentala akakupemphani masiku ena awiri mvula ili mkati, mpatseni. Ndipo tebulo likafika pakhomo, vanishi wa mafuta amatenga pafupifupi mwezi kuti alimbiretu. Pa masabata amenewa musayalepo pulasitiki, musaikepo poto wotentha, ndipo popukuta gwiritsani kansalu kofewa kouma.