Dokotala angathe kusintha nthambi ya ukatswiri wake

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti dokotala akasankha nthambi imodzi ya ukatswiri, wasankhiratu, ndipo akafuna kusintha ayenera kukayambiranso chaka choyamba kusukulu ya udokotala. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Digiri ya udokotala siifufutika. Chimene amabwereza ndi maphunziro a ukatswiri okha, aja ochitikira m'chipatala moyang'aniridwa ndi akatswiri, omwe nthawi zambiri amatenga zaka 3 mpaka 7 kutengera nthambi. Dokotala wa ana angathe kufunsira malo, n'kudzakhala katswiri wogonetsa odwala pa opaleshoni. Kwina amamuchotserako miyezi ngati zomwe anaphunzira kale zikugwirizana ndi nthambi yatsopanoyo.

Povuta ndi pena. Munthu amene ankalamula mu wodi amabwerera kukhala wophunzira: malipiro amatsika, amachezera usiku pantchito, ndipo nthawi zina womuyang'anira amakhala wamng'ono kwa iye. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, mwina ndipo panayambira mphekeserayi.

Chonde tisamafalitse zimene sitinatsimikize, makamaka kwa achinyamata ofuna udokotala. Kutsimikiza n'kosavuta: werengani malamulo a bungwe lolembetsa madokotala m'dziko lanu, kapena funsani kusukulu yophunzitsa ukatswiri zimene imafuna kwa dokotala yemwe ali kale ndi nthambi ina.