Dokotala wophunzira, kompyuta ndi buku lanu la kuchipatala

Amene mumalandira ma ARV mukudziwa mmene zimakhalira: amatenga buku lanu, n'kuwalitsa kamakina pa kapepala ka mizeremizere kamene anamata pachikuto, mbiri yanu n'kutulukira pa kompyuta. Si zachilendo kuno. Bungwe la Baobab Health linayamba ntchitoyi pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe mu 2001, ndi makina ongodina ndi chala pagalasi.

Koma makinawa anakula motsatira matenda, ndipo kumene kunali ndalama zambiri ndi ku HIV. Apa m'pamene pali vuto kwa madokotala a family medicine, omwe sukulu ya udokotala ya College of Medicine, imene lero ili mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, inayamba kuwaphunzitsa ukatswiri mu 2015, ku Mangochi kenako ku Nkhoma. Iwo saona nthenda imodzi ayi, amaona munthu yense. Agogo amodzi omwewo ali pa ma ARV, ali ndi BP, shuga nayenso wayamba. Za ma ARV zili mu kompyuta, zinazo zili m'buku limene mwina linanyowa ndi mvula kapena linatsala kunyumba.

Pophunzitsa, phindu lalikulu la kompyuta ndimaliona apa. Buku limapita ndi mwini wake. Wodwala akatuluka, mphunzitsi alibenso poonera zimene wophunzira walemba. Zikakhala mu kompyuta, Lachisanu angakhale pansi awiriwo n'kuona onse amene BP yawo inakwera sabata imeneyo: ndani anasinthidwa mankhwala, ndani anangouzidwa kuti achepetse mchere, ndani sanabwerenso. Komanso ophunzira amasinthana malo pafupipafupi. Wobwera kumene amayambira pamene mnzake anasiyira, osakufunsaninso zonse kuyambira pachiyambi.

Zovuta zilipo. Magetsi amathima, netiweki imazengereza, ndipo kulemba kawiri, m'buku ndi mu kompyuta, kumatalikitsa mzere. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wophunzira angazolowere kuyang'ana galasi mayi akufotokoza, n'kuphonya misozi imene ikanamuuza kuti mutu ukuwawawo gwero lake lili kunyumba. Kumvetsera kaye, kulemba pambuyo, nako kumafunika kuphunzitsidwa. Chimodzimodzi kusabwerekana nambala yachinsinsi yolowera, pakuti zili mmenemo ndi zinsinsi za anthu.

Bukulo musalisiye. Makompyuta a zipatala zosiyana sikuti onse amalumikizana, choncho mukadwalira kwina paulendo, dokotala wa kumeneko adzadalira zimene mwanyamula m'chikwama.