Msonkho Online kapena fomu ya papepala: zoyenera kuyeza musanasankhe

Mwezi uliwonse pofika pa 14, anthu okonzera anzawo msonkho ku Kasungu amakhala pa moto. Limeneli ndi tsiku lomaliza lopereka PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, komanso msonkho umene wamalonda amadula polipira munthu wina, uja wa withholding tax. Pa 25 pakubweranso VAT kwa amene analembetsa. Funso limene eni mabizinesi ambiri amafunsa akauntanti wawo m'masiku amenewa ndi lakuti: tidzaze fomu ya papepala n'kukaipereka ku ofesi ya Malawi Revenue Authority (MRA), kapena titumize pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA?

MRA yakhala ikukankhira okhoma msonkho onse ku njira ya pa intaneti, choncho amene akufuna kudalira pepala ayambe wafunsa ku ofesi ngati mtundu wa msonkho wake ukulandiridwabe choncho. Koma kusankha njira sikuthera pamenepo, chifukwa njira iliyonse ili ndi pamene imaphulira munthu ndi pamene imamugwetsa.

Mphamvu ya pepala ndi chidindo. Munthu akapita ndi makope awiri, wa ku ofesi n'kudinda tsiku pa kope imodzi n'kumubwezera, amabwerera kwawo ali ndi umboni wogwirika m'manja. Kwa mwini golosale wa ku Chamama kapena ku Santhe amene sadziwa kompyuta, zimenezi zimakhazika mtima pansi. Vuto lake ndi zimene zimachitika pambuyo pa chidindocho. Manambala a pa fomu ija ayenera kulowetsedwa m'kompyuta ndi munthu wina, ndipo 1 wolembedwa mothamanga amaoneka ngati 7. Fomu yosasainidwa, kapena yosowa tsamba la ndandanda wa antchito, imabwezedwa, ndipo mwina mwini wake amva zimenezi tsiku lomaliza litadutsa kale. Onjezaninso ndalama ya minibasi kuchokera ku Nkhamenya kupita pa boma n'kubwerako, ndi tsiku lathunthu sitolo ili yotseka kapena ili m'manja mwa mwana.

Pa Msonkho Online ulendo umenewu kulibe. Mumalowa ndi pasiwedi mu akaunti yanu, yolembetsedwa pa nambala yanu ya msonkho imene ambiri amaitchabe TPIN. Mumasankha mtundu wa msonkho ndi mwezi wake, n'kudzaza manambala, n'kutumiza. Kenaka mumatulutsa nambala yolipirira, PRN, imene mumalipira nayo kubanki. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa: kutumiza fomu ndi kulipira ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wina amalipira kubanki n'kuganiza kuti watha, pomwe fomu sanatumize. Wina amatumiza fomu n'kuiwala kuti ndalama sinapite. Onse awiriwa chindapusa chimawapeza, ndipo pa msonkho wochedwa pamabweranso chiwongoladzanja. Choipa china n'kulipira ndi PRN ya mwezi wina kapena ya mtundu wina wa msonkho. Ndalama imalowa ndithu ku boma, koma imakakhala pa malo olakwika, ndipo ngongole ya mwezi umene mumafuna kulipira imaonekabe yosalipidwa mpaka mutalemba kalata yopempha kuti aikonze.

Kompyuta imawerengera yokha masamu, ndipo simalola kutumiza fomu ngati malo ofunika ali opanda kanthu. Izi n'zothandiza kwambiri. Koma siingadziwe kuti malonda a mwezi wa June anali K450,000 pamene chala chalemba K4,500,000. Ziro mmodzi wowonjezera amalandiridwa mosavuta, ndipo msonkho umawerengeredwa pa nambala yolakwikayo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake wokonza msonkho wodziwa ntchito sayamba ndi kutsegula Msonkho Online. Amayamba ndi kope la malonda, malisiti ogulira katundu, sitetimenti ya kubanki ndi ndandanda wa malipiro. Amawerengera zonse pambali, pa pepala kapena pa Excel, mwini bizinesi n'kuona manambalawo n'kusaina, ndiyeno amawasamutsira pa intaneti. Asanadine batani lotumizira amawerenganso nambala iliyonse mofananiza ndi pepala lija.

Pa VAT pamafunika kusamala kwina. Msonkho umene mumapereka ndi VAT imene munalandira pogulitsa, kuchotsapo imene munalipira pogula katundu wa bizinesi. Kuchotsako kumadalira lisiti yovomerezeka yochokera kwa wogulitsa wolembetsedwa VAT, yokhala ndi nambala yake ya msonkho. Makina otulutsa malisiti a msonkho, a EFD, atabwera mu 2014, MRA inayamba kuona malonda a ogulitsa otere, choncho lisiti ya pamanja yolembedwa pa kapepala ka m'kope siithandiza. Malisiti osindikizidwa ndi makina amafufutika msanga: akakhala m'kabati yotentha miyezi ingapo amasanduka kapepala koyera. Ajambuleni kapena apangeni fotokope sabata yomweyo.

Chinthu chimene chimandichititsa kuona kuti njira ya pa intaneti yaposa pepala, makamaka kuno ku Kasungu, ndi nkhani ya msonkho wodulidwa polipira. Boma lino ndi la fodya, chimanga, soya ndi mtedza. Alipo ambiri amene amagulitsa mbewu kwa makampani, amanyamula mabelo kupita ku msika wa fodya wa Chinkhoma, kapena amachititsa lendi nyumba zawo, ndipo owalipira amadula msonkho ndalama isanafike m'manja. Kwa ambiri ndalama yodulidwayo si yotayika: imachotsedwa pa msonkho wawo wa pachaka. Koma imaoneka pa akaunti yawo pokhapokha ngati wodulayo anaipereka ku MRA ndipo analemba TPIN yolondola. Kale munthu ankadalira satifiketi ya papepala, n'kudzadziwa kumapeto kwa chaka kuti ina inasowa kapena ili ndi nambala ya munthu wina. Pa intaneti wokonza msonkho angathe kuyang'ana akaunti ya kasitomala wake miyezi itatu iliyonse n'kuthamangira wodulayo nkhani ikadali yaiwisi. Choncho pogulitsa mbewu kapena popereka invoisi, lembani TPIN yanu momveka, ndipo onetsetsani kuti akauntanti wa wokulipiraniyo wakopera bwino.

Magetsi ndi netiweki ndiye minga ya njirayi. Pa 14 kapena pa 25 dziko lonse limakhala likutumiza nthawi imodzi, ndipo tsamba limatha kulemera kapena kukana kutseguka. Magetsi a ESCOM akathima masana a tsiku lomwelo, laputopu ili ndi batire yofooka, ntchito yaima. Mankhwala ake ndi kudziikira tsiku lanu lomaliza: PAYE ithe pofika pa 10, VAT pofika pa 20. Khalani ndi mizere iwiri ya foni, ya TNM ndi ya Airtel, kuti wina ukavuta mulumikize kompyuta ku winawo. Tsamba likakana, jambulani zimene zalembedwa pa sikirini, tsiku ndi nthawi zikuoneka, ndipo dziwitsani MRA tsiku lomwelo. Chithunzicho n'chimene mudzaonetse popempha kuti chindapusa chichotsedwe.

Eni mabizinesi, pali chimodzi chimene musagonjerepo. Akaunti ya Msonkho Online ilembetsedwe ndi imelo ndi nambala ya foni yanu, osati ya wokukonzerani msonkho. Zimachitika kuti awiriwa akasemphana, kapena akauntanti uja akasamukira ku Lilongwe, mwini sitolo amatsala wosatha kulowa mu akaunti yake yomwe, ndipo miyezi imadutsa mafomu osatumizidwa. Pamaso pa lamulo wokhoma msonkho ndi inu, ndipo chindapusa chimadza m'dzina lanu. Pemphani kope ya fomu iliyonse yotumizidwa, umboni woti yalandiridwa, ndi lisiti ya kubanki, zitatu zonsezi mwezi uliwonse. Ngati mwezi wina simunagulitse kanthu, monga zimakhalira m'nyengo ya dzinja malonda akazizira, fomu itumizidwebe yosonyeza ziro, chifukwa kukhala chete kumawerengedwa ngati simunapereke.

Msonkho wa pachaka uli ndi nthawi yotakasuka, masiku 180 kuchokera pamene chaka cha mabuku anu chatha, koma m'kati mwa chakacho mumayenera kulipiriratu provisional tax miyezi itatu iliyonse. Amene alibe fomu yotsalira kapena ngongole savutika popempha tax clearance certificate, satifiketi yosonyeza kuti za msonkho wanu zili bwino, imene imafunika popikisana nawo pa makontirakiti a boma ndi a khonsolo. Fomu imodzi ya zaka ziwiri zapitazo imene inaperekedwa papepala koma sinalowetsedwe m'kompyuta ingathe kuimitsa satifiketiyo, ndipo pamenepo kope yodindidwa ija ndi imene imakupulumutsani. Musaitaye. Mabuku, malisiti ndi makope onse a msonkho asungidwe zaka zosachepera zisanu ndi chimodzi, m'fayilo ya chaka ndi chaka, pamalo ouma pomwe chiswe sichifika, ndipo zimene munatumiza pa intaneti muzisindikizenso n'kuziika m'fayilo yomweyo.