Thupi, maganizo ndi mzimu sizidwala paderapadera

Kunena kuti munthu ali ndi thupi, maganizo ndi mzimu palibe cholakwika. Vuto limabwera tikayamba kuganiza kuti mbali iliyonse imadwala payokha, kotero kuti chisoni chosatha kapena kusokonezeka mutu ndi nkhani ya mzimu basi, yosafunika dokotala.

Maganizo amagwira ntchito kudzera mu ubongo, ndipo ubongowo ndi chiwalo cha thupi. Umalemera pafupifupi 2 peresenti yokha ya thupi lonse, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mwinanso kubwebweta, oonerera n'kumati wagwidwa ndi mizimu. Chithokomiro, chiwalo cha pakhosi, chikamatulutsa mahomoni (timadzi toyendetsa ntchito za m'thupi) ochepa, munthu amafooka, amaiwalaiwala ndiponso amakhala wokhumudwa, ngakhale akhale wopemphera chotani.

Maganizo nawonso amavutitsa thupi. Mantha akabwera, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima n'kuyamba kugunda mofulumira. Nkhawa ikakhalitsa miyezi, tulo timasowa.

Chisoni kapena kusasangalala ndi chilichonse kukapitirira masabata 2, pafupifupi tsiku lililonse, pitani kuchipatala. Pemphero ndi abale okuchezerani zimalimbikitsa, osazisiya ayi. Koma dziwani kuti mankhwala a matenda ovutika maganizo amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza, n'chifukwa chake ambiri amawasiya msanga poganiza kuti sakugwira ntchito. Kuwasiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa chizungulire, nseru ndi kusowa tulo. Dokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.