Kodi Japan Rail Pass imapulumutsadi ndalama?

Munthu akamakonzekera ulendo wokaona dziko la Japan, kawirikawiri amalangizidwa kuti agule Japan Rail Pass, tikiti imodzi yomulola kukwera pafupifupi sitima zonse za makampani a njanji a Japan Railways (JR) kwa masiku 7, 14 kapena 21 otsatizana. Uphungu umenewu unali wabwino kale, koma mu Okutobala 2023 mtengo wa tikiti ya masiku 7 unakwera kuchoka pa ma yen (ndalama za ku Japan) 29,650 kufika pa 50,000, choncho tsopano ndi bwino kuyamba mwawerengetsa musanatulutse ndalama.

Ulendo umene alendo ambiri amaukonda ndi wochoka ku Tokyo kupita ku Kyoto pa sitima yaliwiro ya Shinkansen, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi ma yen 14,000, kutanthauza 28,000 kupita ndi kubwera. Pa mtengo wakale, ulendo wokhawu unkatsala pang'ono kubweza ndalama zonse za tikitiyo, pamene lero woigulira ulendo umenewu basi amaluza ma yen oposa 20,000. Phindu limayamba kuoneka kwa amene m'sabata imodzi adzafika kutali, monga ku Hiroshima ndi ku Fukuoka, akuima m'mizinda ya m'njira, n'kubwereranso ku Tokyo. Ine ndimaona kuti ulendo wotere umatopetsa, koma alipo amene amaukonda.

Masiku amawerengedwa motsatira kalendala, kotero woyamba kuigwiritsa ntchito madzulo wadya kale tsiku lathunthu. Sitima za Shinkansen zotchedwa Nozomi ndi Mizuho, zomwe zimaima malo ochepa, zimafuna ndalama yoonjezera, ndipo amene sakufuna kulipiranso amakwera Hikari kapena Sakura. Sitima za pansi pa nthaka za Tokyo Metro sizili m'gulu la JR ayi, choncho tikitiyi sigwira ntchito pa sitima zimenezi. Kusungitsa mpando n'kwaulere, ndipo musakunyozere ngati muli ndi chikwama chachikulu, chifukwa pa njanji ya Shinkansen ya pakati pa Tokyo, Osaka ndi chilumba cha Kyushu katundu amene mulitali, mulifupi ndi msinkhu wake pamodzi zikupitirira masentimita 160 amafuna mpando wosungitsiratu wokhala ndi malo ake.

Musanawerengetse zonsezi, onani kaye chidindo cha m'pasipoti yanu. Mlendo wa dziko lina amaloledwa kugwiritsa ntchito tikitiyi pokhapokha ngati walowa m'dzikomo monga wodzacheza kwa nthawi yochepa, choncho Mmalawi amene ali ku Japan pa chitupa cha maphunziro kapena cha ntchito saloledwa.