Kukakamiza mayi kuchotsa mimba: zimene malamulo athu amanena ndi pamene akuperewera

Pa ntchito yathu ya zamalamulo timakumana ndi amayi ndi atsikana amene anachotsa mimba asakufuna, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe kuti analakwiridwa. Kukakamizako kawirikawiri kumayamba ndi mawu. Mwamuna amanena kuti mimbayo si yake ndipo akaisunga banja latha, makolo amaopseza kuti amuthamangitsa pakhomo chifukwa wawachititsa manyazi, kapena munthu wamkulu amene wapereka mimba kwa mwana wasukulu amafuna kufafaniza umboni. Ena amafika pothira mankhwala m'chakumwa mwini wake osadziwa, kapena kumenya mayi pamimba kuti apite padera.

Ku Malawi kuno tilibe lamulo lapadera lotchula mlandu wokakamiza mayi kuchotsa mimba, koma wochita zimenezi sapulumuka. Gawo 149 la malamulo a milandu ndi zilango, a Penal Code, likuti aliyense wopatsa mayi mankhwala, kapena kugwiritsa ntchito mphamvu kapena njira ina iliyonse ndi cholinga chakuti mimba ichoke, akhoza kukhala kundende zaka 14. Mlanduwu umakhalapo ngakhale zitadziwika pambuyo pake kuti mayiyo analibe pakati, chifukwa chimene bwalo limayang'ana ndi cholinga cha wochitayo. Gawo 151 limapereka chilango cha zaka 3 kwa wogulitsa kapena wopezera mnzake mankhwala ndi zipangizo akudziwa ntchito yake. Komanso malamulo omwewa amawerenga wotuma ndi wolimbikitsa mlandu ngati wopalamula, choncho mwamuna amene analipira ndalama n'kumukokera mkazi kwa wochotsa mimbayo sangadzitchinjirize ponena kuti iye sanamukhudze.

Vuto lalikulu lili pa gawo 150, limene limati mayi wodzichotsa mimba, kapena wolola kuti amuchotse, akhoza kumangidwa zaka 7. Mayi amene anakakamizidwa amaopa kuti akapita kupolisi iyenso atsekeredwa, ndipo womukakamiza uja amadziwa bwino za mantha amenewa, n'kumawagwiritsa ntchito pomutseka pakamwa. Malamulo amamasula munthu amene wapalamula mlandu mokakamizidwa, koma makamaka ngati anaopsezedwa kuti aphedwa kapena avulazidwa kwambiri nthawi yomweyo. Chiopsezo chakuti mawa udzasiyidwa wopanda chakudya, kapena sudzalipiriridwanso fizi, sichikwana pa muyeso umenewu, chikhalirecho ndicho chimene chimagonjetsa amayi ambiri. M'kuona kwanga, apa m'pamene malamulo athu akufunika kukonzedwa, kuti anene momveka kuti mayi wokakamizidwa ndi wolakwiridwa ndiponso mboni ya boma. Kunena zimenezi sikufuna kuti munthu ayambe watenga mbali pa mkangano wa ngati kuchotsa mimba kuloledwe kapena ayi, pakuti mbali zonse ziwiri zimagwirizana kuti kukakamiza n'kulakwa.

Mayi amene akadali woyembekezera ndipo akuumirizidwa ali ndi pothawira. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limawerenga kuopseza, kuzunza m'maganizo ndi kumana munthu chithandizo cha ndalama ngati nkhanza, ndipo limapatsa bwalo la milandu mphamvu zopereka chiletso kuti wozunzayo asiye, ngakhalenso kulamula kuti achoke m'nyumba mayiyo n'kutsala. Anthu ambiri sadziwa kuti sikofunika kudikira mpaka magazi atuluke. Ankhoswe ali ndi malo awo m'banja, koma nkhani ikafika poopseza moyo, ipite ku ofesi ya Victim Support Unit ya kupolisi, ndipo wopanda ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ngati woumirizidwayo ndi mwana, amene malinga ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 ndi aliyense wosakwana zaka 18, munthu angathe kuimba nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Lamulo loona zakuti pasakhale tsankho pakati pa amuna ndi akazi, la Gender Equality Act la mu 2013, limatsindika pa gawo 19 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosankha chiwerengero cha ana ndi nthawi yoberekera, zimene zikugwirizana ndi gawo 14 la pangano la ku Maputo la mu 2003 lokhudza ufulu wa amayi mu Africa. Mayiko a ku Ulaya anapita patsogolo: pangano la ku Istanbul la mu 2011 limafuna kuti kuchotsa mimba ya mayi popanda chilolezo chake ukhale mlandu wapadera. Abale athu okhala ku South Africa adziwenso kuti ngakhale lamulo la kumeneko la mu 1996 limalola kuchotsa mimba, chilolezo chimene limafuna ndi cha mayiyo mwini, ndipo mwamuna kapena kholo sangasankhe m'malo mwa mayi amene ali ndi nzeru zake zonse.

Milandu yotereyi imagwa kawirikawiri chifukwa chosowa umboni. Mauthenga a pa WhatsApp, mbiri ya ndalama zotumizidwa pa foni, mapaketi a mankhwala ndi buku la kuchipatala zisungidwe kwa munthu wodalirika. Mayi amene akutaya magazi kapena akumva kupweteka athamangire kuchipatala asanaganize za mlandu, chifukwa chithandizo cha mayi amene mimba yachoka chimaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo zimene dokotala alemba tsiku limenelo zimadzakhala umboni kubwalo.