Kulembetsa si kulowa: "sign up" ndi "sign in" n'zosiyana

Pa zolakwa zonse zimene ndimakonza pophunzitsa Chingerezi, kusokoneza "sign up" ndi "sign in" ndi kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa masiku ano cholakwachi sichithera m'kalasi koma chikumanitsa anthu mwayi wa sukulu ndi ntchito.

"Sign up" ndi kulembetsa dzina koyamba pamalo pamene simunalembetsepo. "Sign in", imene ena amalemba kuti "log in", ndi kulowa pamalo pamene munalembetsa kale. Mukatchula chinthu chimene mukulembetsa, mumaika "for", monga "sign up for a course", koma mukatchula zimene mudzachite mumaika "to", monga "sign up to donate blood". Mlowam'malo amakhala pakati: timati "sign me up", ndipo "sign up me" n'kulakwa, ngakhale mutamva wina wophunzira kwambiri akunena choncho.

Chimene sindichiiwala ndi cha mtsikana wina amene anakhoza bwino mayeso a MSCE nafuna thandizo lolipirira maphunziro. Atapita pa intaneti kukapempha thandizolo, anadina "sign up", nalemba dzina, imelo ndi mawu achinsinsi, ndipo atalandira uthenga womulandira anakhala phee, poganiza kuti pempho lake lapita. Komatu iye anali atangotsegula akaunti. Fomu yeniyeni inali m'kati, inkafuna kuti achite "sign in", aidzaze, ndipo pomaliza adine "submit" kuti fomuyo itumizidwe. Pamene ankabwera kudzandifunsa chifukwa chimene sakumuyankhira, n'kuti tsiku lomaliza litadutsa. Mwana wanzeru chonchi anataya chaka chathunthu chifukwa palibe anamuuza kuti kulembetsa ndi poyambira chabe. Musadikire tsiku lomaliza. Lowaninso tsiku lomwelo muone ngati pali zina zimene zatsala.

Ndikuchenjezeninso za anthu amene amalipiritsa kuti akulembetsereni. Ena mwa iwo amaika imelo kapena nambala ya foni yawo, kotero kuti mayankho onse amapita kwa iwo, ndipo tsiku limene mudzaiwale mawu achinsinsi mudzawagwadira kuti akutsegulireni akaunti yanu yomwe. Oipitsitsa ndi mauthenga a pa WhatsApp olonjeza ntchito, olembedwa kuti "sign up now". Kulembetsa kwenikweni sikufuna nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, choncho fomu ikakufunsani nambala imeneyo, itsekeni nthawi yomweyo ndipo musaitumize kwa anzanu.